Kudzuka si kuchira: munthu akamenyetsa mutu tisamangofufuza magazi

Pa ngozi zing'onozing'ono za pamsewu m'dziko muno pamachitika zinthu zofanana kulikonse. Njinga yamoto ya kabaza ikagwa, anthu amathamangirapo, wina n'kumuthira wovulalayo madzi a m'botolo kumaso, wina n'kudzutsa njinga kuti aone ngati gudumu lapindika. Wovulala akangokhala tsonga n'kuyamba kusasa fumbi, khamu limapumira m'mwamba, amvekere: "Wadzuka, ndi mwayi wake." Ngati magazi sakuoneka, nkhani imasanduka ya amene alipire galasi losweka. Zimakhala chimodzimodzi pabwalo la mpira, pansi pa mtengo wa mango pamene mwana wagwa, ndi kubafa pamene gogo waterereka. Muyeso umenewu, wakuti munthu akadzuka ndipo sakuwukha magazi ndiye kuti wapulumuka, ndi wolakwika ndipo ukutipweteketsa. Mfundo yanga ndi yakuti kuzindikira ubongo wogwedezeka sikudalira makina okwera mtengo amene zipatala zathu zambiri zilibe. Kumadalira mafunso ochepa, maso odekha ndi maola angapo oyang'anira munthu, ndipo zimenezi n'zoti aphunzitsi, makochi, akabaza ndi alangizi azaumoyo angathe kuziphunzira popanda kudikira thandizo lochokera kunja.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kati mwa mutu. Ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi m'kati mwa chigaza. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, okwera amakagunda mpando wakutsogolo ngakhale minibasiyo sinaphwanyike paliponse, ndipo ubongo umachitanso chimodzimodzi mutu ukaimitsidwa kapena kutembenuzidwa mwamphamvu. Timinyewa ta ubongo timatamuka, mchere umene timagwiritsa ntchito potumizirana uthenga umasokonekera, ndipo kwa masiku angapo ubongo umafuna mphamvu zambiri kuti udzikonze pamene mphamvuzo zachepa. Vuto limeneli madokotala amalitchula kuti concussion. Silifuna kuti chigaza chisweke, ndipo nthawi zina silifuna n'komwe kuti mutu ugunde chinthu, chifukwa kukankhidwa kwamphamvu pachifuwa kapena paphewa kungagwedeze mutu mokwanira. Chinthu china chimene ambiri sadziwa n'chakuti kukomoka si chizindikiro chofunikira. Pa anthu amene ubongo wawo wagwedezeka pamasewero, amene amakomoka ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa khumi. Enawo amaimirira, amayenda, amayankha moni, koma mutu ukuwawa, akumva chizungulire ndi nseru, kuwala ndi phokoso zikuwasowetsa mtendere, ndipo akufunsa funso limodzimodzi kangapo.

Dziko lonse linaona zimenezi pa mpira wotsiriza wa World Cup mu 2014 ku Rio de Janeiro. Christoph Kramer wa timu ya Germany anagundidwa kumutu ndi phewa la Ezequiel Garay wa Argentina, anagwa, anadzuka, ndipo anapitiriza kusewera kwa mphindi zoposa khumi. Woyimbira mpirawo, Nicola Rizzoli, anadzaulula pambuyo pake kuti Kramer anamufunsa ngati mpira umene ankasewerawo unalidi wa fainolo. Pabwalopo panali madokotala odziwa ntchito ndi makamera ambirimbiri, koma wosewerayo anabwerera m'bwalo chifukwa ankaoneka kuti ali bwino. Ngati zinatheka pamalo ngati amenewo, n'zosadabwitsa kuti zimachitika pamabwalo afumbi a masukulu athu. Phunziro lake ndi lakuti maonekedwe amanyenga ndipo chimene chimaulula ndi funso. Tili kuti pano? Lero ndi lachingati? Chachitika n'chiyani? Wagoletsa chigoli chomaliza ndani? Munthu amene akuchedwa kuyankha, akuyankha zosiyana, akuyang'ana mwabalalabalala kapena akudzandira poyenda, ubongo wake wakhudzidwa, kaya pali bala kaya palibe.

Wina anganene kuti zonsezi n'zopanda phindu m'dziko limene makina ojambula m'mutu a CT amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa za m'mizinda, ndipo madokotala ochita opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka. Mtsutso umenewu uli ndi maziko, koma ukuphonya ntchito ya makinawo. Sikani ya CT siona concussion, ndipo munthu amene ubongo wake wangogwedezeka chithunzi chake chimatuluka chabwinobwino. Ntchito ya sikani ndi kufufuza magazi otayikira m'kati mwa chigaza kapena fupa losweka, ndipo ngakhale m'maiko olemera sajambula aliyense. Kafukufuku wa ku America wotchedwa PECARN, amene anafalitsidwa mu 2009 atatsatira ana oposa 42,000, anaonetsa kuti mwana amene alibe zizindikiro zina zodziwika safunikira sikani, ndipo kumujambula n'kungomuika pa cheza cha makinawo pachabe. Chida chachikulu chimene madokotala padziko lonse amayezera munthu wovulala mutu, Glasgow Coma Scale, chimene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza mu 1974, chimangoyang'ana mmene munthu akutsegulira maso, mmene akulankhulira ndi mmene akusunthira. Ife a Malawi njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pogwira ntchito pakati pa ana odwala malungo aakulu pachipatala cha Gulupu, anakonza muyeso wofanana nawo wa ana osatha kulankhula, ndipo mpaka lero umadziwika padziko lonse ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Dziko limene linaphunzitsa ena kuyeza ubongo wa mwana ndi maso ndi manja silinganene kuti lilibe poyambira.

Ntchito yeniyeni ya munthu wamba ndi ya namwino wa pachipatala chaching'ono ndi kusiyanitsa amene angachire kunyumba ndi amene moyo wake uli pachiswe. Zizindikiro zoopsa si zambiri ndipo n'zosavuta kuloweza: mutu umene ukuwawirawawira m'malo mochepa, kusanza mobwerezabwereza, kugona tulo tovuta kudzutsa, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kulankhula ngati woledzera, kadontho kakuda ka diso limodzi kukula kuposa kanzake, magazi kapena madzi oyera kutuluka m'khutu kapena m'mphuno, ndi kupweteka kwa khosi. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, munthuyo ndi wa kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, ndipo ngati khosi likuwawa asamukoke kapena kumunyamula ngati thumba. Choopsa n'chakuti zizindikirozi zingathe kuchedwa. Natasha Richardson, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, anagwa pamasewero otsetsereka pa chipale ku Canada mu March 2009. Anadzuka, analankhula bwinobwino, poyamba anakana thandizo, koma magazi anali akusonkhana pakati pa chigaza ndi ubongo, ndipo patapita masiku awiri anamwalira. Nthawi ndiyo imapha kapena kupulumutsa. Kafukufuku wa CRASH-3, wa mu 2019, amene anachitika pa odwala oposa 12,000 m'maiko 29, anapeza kuti mankhwala otsika mtengo otchedwa tranexamic acid amachepetsa imfa pakati pa ovulala mutu mosapyola muyeso amene akutaya magazi m'kati, koma akaperekedwa pasanathe maola atatu. Khamu likamati "wadzuka" n'kubalalika, maola atatu amenewa amatayika.

Msinkhu wa wovulala umasintha zimene tiyenera kuyang'ana, ndipo apa m'pamene uthenga umodzi wa onse sukwanira. Khanda silinena kuti mutu ukuwawa. Likagwa pabedi kapena kupulumuka kumbuyo kwa mlezi wake, mayi ayang'ane ngati likukana bere, likulira mosatonthozeka, likungogona, likusanza, kapena liwombo latupa. M'dziko la malungo muli msampha wina, chifukwa kusanza, kufooka ndi kukomoka ndi zizindikiro zomwenso za malungo. Mwana angathe kuyezedwa, kupezeka ndi tizilombo m'magazi, kulandira mankhwala a malungo a LA n'kubwerera kunyumba, pamene palibe amene wanena kuti dzulo anagwa mumtengo. Ana okulirapo amabisa kugwa poopa kukwapulidwa chifukwa anakwera mtengo umene anawaletsa, ndipo mlezi wamng'ono amabisa poopa mayi. Kholo limene limayamba ndi ndodo limadzitsekera lokha uthenga umene dokotala akuufuna. Tinenenso mosapsatira kuti kugwedeza khanda mwaukali kuti lisiye kulira kungang'ambe mitsempha ya m'mutu mwake, ndipo kumenya mwana kumutu, kunyumba kapena kusukulu, si chilango chopepuka monga ambiri amaganizira.

Kwa achinyamata, ngozi yaikulu ndi kumenyedwa kachiwiri ubongo usanachire. Rowan Stringer, mtsikana wa zaka 17 wa ku Ottawa m'dziko la Canada, anamwalira mu 2013 atagundidwa kumutu kangapo m'sabata imodzi pamasewero a rugby. Anali atauza anzake pafoni kuti akukayikira kuti wavulala, koma sanauze wamkulu aliyense, ndipo anabwerera m'bwalo. Imfa yake inachititsa kuti chigawo cha Ontario chikhazikitse lamulo mu 2018 lokakamiza magulu a masewero kutulutsa wosewera aliyense wokayikiridwa. Mpira wamiyendo nawo wasintha. Kuyambira mu 2024, malamulo a masewerowa amalola mipikisano kupereka mwayi wapadera wosintha wosewera amene wavulala mutu popanda kudya mwayi wa masinthidwe ena, ndipo chaka chomwecho FIFA ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anayambitsa kampeni yophunzitsa anthu za vutoli. Alipo amene amati zimenezi zikufewetsa mpira, ndipo wosewera weniweni amamanga bandeji n'kubwerera. Koma wosewera wosokonezeka mutu sathandiza timu yake, chifukwa amachedwa kuganiza ndipo amataya mpira. Kafukufuku wa ku Glasgow wa mu 2019 anapezanso kuti amene anasewerapo mpira waukatswiri ku Scotland ankamwalira ndi matenda oononga ubongo mowirikiza katatu ndi theka kuyerekeza ndi anthu ena. Mabungwe oyendetsa mpira kwathu kuno a FAM ndi SULOM komanso oyendetsa masewero a m'masukulu sakusowa ndalama kuti anene lamulo limodzi: wokayikiridwa atuluke, ndipo tsiku limenelo asabwererenso.

Okalamba ndiwo amaiwalika kwambiri. Munthu akamakula ubongo umafota pang'ono, ndipo timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikuto chake timatamuka n'kukhala tosachedwa kuduka. Kugwa kwapang'ono, kopunthwa pakhonde kapena kugunda mutu pachitseko, kungayambitse magazi odontha pang'onopang'ono amene zizindikiro zake zimadzaoneka patapita masabata. Ngoziyi imakula kwa amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena aspirin, ndi kwa amene amamwa mowa kwambiri. N'chifukwa chake malangizo a madokotala a ku Canada amaika zaka 65 monga chifukwa chokwanira chojambulira munthu amene wakomoka kapena kusokonezeka atamenyetsa mutu. Kwathu kuno, gogo akayamba kuiwalaiwala, kuyenda mokokera mwendo kapena kulankhula zosamveka, achibale amati ndi ukalamba, ena amati ndi sitiroko, ndipo m'midzi ina mawu osokonekera a munthu wokalamba amasanduka umboni wa ufiti. Palibe amene amakumbukira kuti mwezi wathawo anagwa kudimba. Chomvetsa chisoni n'chakuti vuto limeneli ndi limodzi mwa amene opaleshoni imachiza bwino, pobowola kabowo kakang'ono pachigaza n'kutulutsa magaziwo. Funso limodzi lokha, lakuti "kodi agogo anagwapo masiku apitawa?", lingasinthe mapeto a nkhani yonse.

Chomwe chavulaza munthu chimabisanso vutoli m'njira zake. Mayi amene wamenyedwa mutu kukhoma ndi mwamuna wake amafika kuchipatala n'kunena kuti wagwa yekha, kapena safika n'komwe. Kusiyana ndi wosewera mpira, iye alibe woyimbira womutulutsa m'bwalo, ndipo amamenyedwa mobwerezabwereza ubongo usanachire. Pambuyo pake akamaiwala zinthu, kupsa mtima msanga kapena kulephera kufotokoza nkhani yake mwadongosolo kupolisi, anthu amati ndi wabodza kapena wamwano. Tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 ndi maofesi othandiza ozunzidwa m'mapolisi, koma ogwira ntchito kumeneko ayenera kuzolowera kufunsa ngati munthu anamenyedwa kumutu kapena kukanyangidwa pakhosi, n'kumutumiza kuchipatala ngakhale palibe bala. Woledzera naye ali pangozi yofanana. Munthu akagwa pobwera ku mowa n'kumalankhula zosamveka, anzake amamugoneka pakona kuti mowa uthe. Kachasu ndi magazi a m'mutu zimaoneka mofanana usiku, ndipo kusiyana kwake kumadziwika m'mawa munthu atalephera kudzuka.

Nanga chithandizo chake n'chotani? Apa pali uthenga wolimbikitsa, chifukwa ambiri amachira popanda mankhwala apadera, akulu kawirikawiri m'masabata awiri ndipo ana m'masabata anayi. Wovulala aonedwe ndi wachipatala, kenaka asakhale yekha m'maola 24 oyambirira. Kale ankati munthu wotere asagone, koma tulo n'tofunika kuti ubongo uchire, ndipo chofunika n'chakuti pakhale wina womuyang'ana ndi kuonetsetsa kuti akudzutsika bwinobwino. Mutu ukamawawa amwe panado, osati aspirin kapena brufen m'masiku oyamba, chifukwa mankhwala amenewa angawonjezere kutaya magazi. Mowa ayi, kuyendetsa galimoto kapena njinga ayi. Akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti kupuma kwa tsiku limodzi kapena awiri, mochepetsa foni ndi wailesi yakanema, n'kokwanira, ndipo kutsekera munthu m'chipinda chamdima kwa masiku ambiri kumachedwetsa kuchira. Pambuyo pake ayambe kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka, n'kumawonjezera pang'onopang'ono ngati mutu sukuwawa kwambiri. Mwana wasukulu abwerere m'kalasi asanabwerere kumpira, ndipo mphunzitsi amulole kupuma akatopa m'malo momutcha waulesi. Zizindikiro zikapitirira mwezi, abwerere kuchipatala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chithandizo cha ubongo wogwedezeka chagona pamenepo.

Mtsutso wolimba kwambiri ndi wa umphawi, ndipo suyenera kuyankhidwa mwachibwana. Wakabaza amene njinga si yake ndipo madzulo ayenera kupereka ndalama kwa bwana wake sangapume masiku awiri chifukwa nyuzipepala yanena. Mayi wa geni akapanda kupita kumsika ana agona ndi njala. Komanso zipatala zathu zadzaza kale ndi malungo, chifuwa chachikulu ndi amayi oyembekezera, ndiye kodi tikufuna aliyense amene wagunda mutu pachitseko akaime pamzere? Yankho langa lili pawiri. Choyamba, kudziwa zizindikiro kumachepetsa chipwirikiti, chifukwa banja limene likudziwa choyang'ana silithamanga pachabe ndipo silichedwa pamene kuthamanga kukufunika. Namwino amene ali ndi ndondomeko yomveka amatumiza kuchipatala chachikulu anthu oyenera okha, ndipo ambulansi zochepa zimene zilipo zimagwira ntchito pamene zikufunikadi. Chachiwiri, wakabaza wachizungulire akakwera njinga sadziika yekha pangozi, amanyamula mwana wasukulu kapena mayi wapakati. Masiku awiri opanda ndalama ndi owawa, koma ngozi yachiwiri imadya njinga, ndalama za maliro ndi tsogolo la ana. Magulu a akabaza pamasiteji awo amasonkherana kale pa zovuta zina, ndipo palibe choletsa kuti mwambo womwewo uthandize mnzawo amene wauzidwa kuti apume.

Kupewa kuli ndi malo ake, ndipo helemeti ndiyo yoyamba. Siingaletse ubongo kugwedezeka kotheratu, koma imateteza chigaza kuti chisasweke ndipo imachepetsa kwambiri imfa, malinga ngati yamangidwa lamba pachibwano ndipo ili pamutu wa wokwera aliyense, osati yopachikidwa pahandulo kudikira apolisi. Komabe anthu adzapitiriza kugwa, ndipo chimene tingasinthe msanga ndi zimene zimachitika m'maola otsatira. Unduna wa Zaumoyo ukonze kapepala ka tsamba limodzi, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo ndi zilankhulo zina, kolemba zizindikiro zoopsa, koti aliyense wovulala mutu azipatsidwa pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Alangizi azaumoyo, amene amafika m'midzi kale ndi uthenga wa katemera ndi ukhondo, awonjezere mutu umenewu. Masukulu ophunzitsa aphunzitsi, maphunziro a makochi ndi oyimbira mpira, ndi mayeso a chiphaso choyendetsera njinga yamoto aikemo ola limodzi la nkhaniyi. Mawailesi a m'madera aulutse zizindikirozo nyengo ya mango ikamayandikira. Zonsezi zingathandize kuti makina ochepa a CT amene tili nawowo alandire odwala oyenera nthawi isanathe. Aphungu akamakambirana bajeti ya zaumoyo, afunse unduna kuti kapepala kameneka katuluka liti.